Chipika cha pa Buleki ya Azakhali

Azakhali anga ndi aafupi, ndipo moyo wawo wonse anthu akhala akuwalankhulira pamwamba pa mutu. Anakalambira pa makina osokera. Mayunifolomu a ana asukulu, makatani, zigamba za pamatako a mathalauza, zonse zinkadutsa m'kachipinda kawo kodzaza tizidutswa ta nsalu. Maso atayamba kukana kulowetsa ulusi pasingano, anati basi, akalima munda umene malemu amuna awo anawasiyira, koma osati ndi msana. Ankafuna thirakitala yakale, yoti munthu wongoyamba kumene n'kuphunzirirapo osafa nayo.

Ndinawaperekeza ndine kwa wogulitsa, pabwalo lonunkha dizilo lokhalokha. Za mphamvu ya injini sanafunse n'komwe. Iliyonse ankakwera, kukhala pampando, n'kutambasula miyendo. Yawo anaipeza kumapeto kwa mzere: yaing'ono, yosuluka, koma mapazi awo ankafika pa kalachi ndi pa mabuleki osanyamuka pampando. Inalinso ndi chitsulo chopindika pamwamba pa woyendetsa, chija chimateteza munthu kuti thirakitala ikagubuduka isamuphwanye. Anazungulira nayo pang'onopang'ono, wogulitsa akuyenda pambali, ndipo inaima pamene iwo anafuna kuti iime. Anatsika akumwetulira, n'kunena kuti abweranso ndi ndalama.

Kenako nkhani inafika kwa alongo awo, bambo anga ndi bambo aang'ono.

"Chemwali, kangolo kameneko mukuti thirakitala?" anatero bambo. "Zinthu izi n'zachimuna. Tisiyireni ife."

Anapita awiriwiri, mwini ndalama n'kumusiya pakhomo. Anabwera ndi chithirakitala chachikulu, penti waliwali, chitsulo chapamwamba chija mwini wake wakale atachidula kuti chizikwana m'shedi. Akuti anamvetsera injini, anamenya matayala ndi nsapato, anafunsa kuti chimakoka makasu angati. Zonse anayesa akatswiri athuwa, kupatula kukhazikapo munthu woti aziyendetsa.

Azakhali atakwera, mapazi ankangolendewera ngati a mwana wokhala patebulo. Bambo aang'ono anaseka mpaka kutsokomola. Anatola chipika cha mtengo, n'kuchimangirira pa buleki ndi waya, amvekere, "Mwatalika tsopano." Nditati ndilankhule, bambo anandiuza kuti za akuluakulu ndizisiye. Ine, mayi wa ana anga. Azakhali anangondigwira mkono.

"Asiye, mwana wa achimwene. Ndikakana ati ndine wosayamika."

Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewa mtima umandiwawa. Munthu wadzidyetsa yekha ndi singano zaka zonsezi, wasoka mayunifolomu a ana a alongo akewo osalandira ngakhale zikomo, lero aziopa kutchedwa wosayamika pa chinthu chogula yekha? Iwo ankadziwa bwinobwino chimene chinkawayenera. Anachikhalira, anachiyendetsa, anachiimitsa. Anangosowa wowamvera.

Munda wawo uli ndi kotsetsereka kothera m'ngalande. Tsiku lina m'mawa, mvula itagwa, anaponda buleki pokhota. Chipika chonyowa chija chinatembenuka, phazi n'kuphonya. Chithirakitala chinatsetsereka, tayala linalowa m'ngalande, chonse n'kugona cham'mbali. Chikanakhala ndi chitsulo chapamwamba, bwenzi atatuluka ndi mikwingwirima chabe. Chinawapana mwendo wakumanja, womwe uja unkapalasa makina osokera. Madokotala anayesetsa, koma phazi analidula.

Alongo awo anabwera kuchipatala ndi jumbo ya malalanje. Anakhala m'mphepete mwa bedi, nkhope zachisoni, kupukusa mitu.

"Paja tinkanena ife, chemwali," anatero bambo. "Zinthu izi n'zachimuna."

Ndinaluma mlomo kuti ndisatukwane bambo anga ondibereka pamaso pa odwala. Bambo aang'ono anakonza kukhosi.

"Ndiye poti zatere, thirakitala ija ikakonzedwa isangokhala n'kumachita dzimbiri. Kiyi ali kuti, tizikuthandizani kulima?"

 Azakhali anandikodola kuti nditsegule kakabati ka pambali pa bedi. Dzulo lake anali atandituma kungalande kuja kukatola kanthu kena, osandiuza chifukwa. Ndinatulutsa chipika chija, matope ake ndi waya wake womwe, ndipo iwo anachiika okha m'manja mwa bambo aang'ono.

"Chanu ndi ichi, achimwene. Kiyi ndi wanga."

Malalanje aja anandiuza kuti ndigawire odwala ena.