Makutu a Gash Wondimu

Gash Wondimu akalambira m'chipinda choyeseramo injini za ndege kuno ku Addis Ababa. Ntchito yawo ndi yoyeza kutentha kumene injini imataya. Amalumikiza timawaya toyezera kumbuyo, kotulukira mpweya wamoto, kenako amailiza injiniyo mpaka makoma kunjenjemera. Akatero amadziwa kuti pa mafuta amene apsa, okankha ndege ndi ati, ongotenthetsa mlengalenga pachabe ndi ati. Ine ndimakhala pampando woyandikana nawo, ndipo kukuwa ndatopa nako.

Makutu awo anatha. Zotsekera kumakutu amavala, koma paunyamata ankatsegula mbali imodzi, ati amve bwino kaliridwe ka injini. Anzawo onse a nthawi imeneyo ankatero. Kuntchito sizivuta kwenikweni, injini ikamalira timalankhulana ndi manja. Kovuta n'kunyumba, kumene akazi awo, a Zewditu, amathira khofi n'kumacheza okha.

Chaka chilichonse amatiyeza makutu. Ukalephera amakuchotsa kuphokoso, ukasunge zitsulo kunkhokwe. Chaka chino a Zewditu anandikokera pambali potuluka m'tchalitchi.

"Mwanawe, khutu lakumanzere la amuna anga likumvabe pang'ono," anatero. "Ine ndikusala kudya kuti alephere. Usakawauze."

Tsiku loyeza, namwino anawakhazika Gash Wondimu m'kachipinda ka galasi n'kuwauza kuti akamva kulira azikweza dzanja. Ine ndinali pamzere, ndikuona zonse. Koma munthu amene moyo wake wonse wakhala akuyang'ana zala za mnzake kuseri kwa galasi, kuti adziwe nthawi yowonjezera moto, chala sichingamudutse. Namwino akangodina batani, dzanja la Gash Wondimu lili m'mwamba. Ndikukayika ngati iwo eni ankadziwa kuti akubera.

"Gash, makutu anuwa ndi a mwana!" anatero namwino. Iwo anangogwedeza mutu uku akumwetulira, monga amachitira akapanda kumva.

Titaweruka ndinawaperekeza kwawo. Tinapeza a Zewditu akukazinga khofi pakhomo.

"Ndakhoza, mayi!" anakuwa Gash Wondimu. "Chaka chinanso ndili pomwepo!"

A Zewditu anaphula chiwaya pamoto, nachiika pansi pang'onopang'ono.

"Nanga khutu lotsalali likatha, ine ndizilankhula ndi ndani?" anatero chapansipansi.

Gash Wondimu anatembenukira kwa ine. "Akuti chiyani mayiwa?"

Ndinawayandikira kukhutu lakumanzere lija, n'kukuwa. "Akuti mwachita bwino!"