Kukaveka kanyundo ka piyano ku Muthaiga

Ndinanyamuka ku Roysambu Loweruka 9 koloko itangodutsa, nditakwiya kale. Ndikukhala kumeneko kwa mwana wanga podikira kuti madokotala amalize za maso angawa. M'mawa umenewo anandiimbira foni Mphatso, mwana wa malemu mlongo wanga, amene amaphunzitsa piyano pasukulu ina ya mpingo kuno ku Nairobi.

"Amalume, kiyi imodzi ikungogogoda ngati mlendo pakhomo. Konsati ndi 3 koloko. Wokonza wa eni piyanoyo akuti abwera Lachiwiri."

Kwa miyezi isanu ndi umodzi mwanayu ankayeserera pa piyano yakalekale ya a Matewere, Mmalawi mnzathu waudindo waukulu kubungwe lina, wokhala kudera la olemera la Muthaiga. Nyimbo zake zinali za azungu, zopekedwa nthawi imene piyanoyo inkapangidwa, agogo anga asanabadwe. Pakati pa alendo pankayembekezeka mayi wina wosankha oimba a chikondwerero cha nyimbo zakale. Mwayi wa Mphatso unali masana okhawo.

Ine ndakonza malimba ndi mapiyano m'mamishoni ndi m'masekondale zaka makumi atatu. Ndinatenga zida zanga ndi chikwama cha chikopa cha mbuzi chimene ndinasoketsa ku Lizulu, momwe mumakhala kalata iliyonse imene munthu anandilemberapo pantchitoyi.

Pafupi ndi siteji ndinaima kwa kalipentala kugula guluu wa mashilingi 50. Anandithirira m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa.

"Mzee, wathyoka ndi mpando?" anandifunsa. Mzee ndiye achikulire akuno.

"Piyano. Ya munthu wolemera."

"Wolemera? Nanga osagula yatsopano bwanji?"

Funso lanzeru kuposa limeneli sindinalimvenso tsiku lonse.

Matatu, ndiwo maminibasi akuno, anandilipiritsa mashilingi 80 mpaka ku Muthaiga. Nditapempha tikiti, kondakitala anandiyang'ana ngati ndamupempha mkazi wake.

"Tikiti yanu ndi kufika wamoyo, mzee."

Ndinalemba nambala ya galimotoyo kuseri kwa envelopu. Anandikhazika pamwamba penipeni pa sipika, ndipo msewu wonse wa Thika nyimbo inkandilowera kumatako n'kutulukira m'mano. Ndimomwe ndinayendera, munthu wokapulumutsa kamawu kamodzi kofewa.

Ndinatsika 10 koloko itadutsa. Mkati mwa Muthaiga simulowa minibasi, poti ingadzutse agalu a akazembe. Wanjinga yamoto anati 200, n'kundiveka chisoti chonunkha mafuta a m'mutu a anthu onse amene anandiyambira. Tinadutsa mitengo italiitali ndi mipanda yaitali kuposa mitengoyo. Oyenda pansi onse anali atanyamula tsache kapena chingwe cha galu.

Pageti mlonda anasakasaka dzina langa la Kamwendo pamndandanda wa alendo, osalipeza. Ndinamuonetsa satifiketi yanga. Anaitembenuza kawiri, n'kundipatsa kapepala kolembedwa kuti fundi, ndiye kuti mmisiri, ndi kundilozera khomo la antchito. Kapepalako ndili nako.

Piyano yokhayo sindiyinyoza. Inali yaing'ono, yamatabwa okhaokha mkatimo, yopanda chitsulo cholemera chija cha mapiyano amakono. Mawaya ake ndi opyapyala, ndipo tinyundo timene timawamenya n'tovekedwa chikopa, osati ubweya. N'chifukwa chake imalira motsitsa, mawu ake n'kuzimirira msanga, ndipo opeka nyimbozo ankamva mawu amenewo polemba. Nditatsegula ndinapeza kanyundo kamodzi kapakati kali maliseche. Chikopa chake chinafumbwa n'kugwa, thabwa linkamenya waya.

Analowa a Matewere atavala kabudula, foni ili kukhutu.

"Achikulire, zitheka pofika 2 koloko? Zikavuta tingoika kiyibodi yamagetsi pamwambapa, tiphimbe ndi nsalu. Anthuwa sangasiyanitse."

Mphatso anayang'ana pansi. Ine ndinatsegula chikwama n'kutulutsa kalata imene mphunzitsi wamkulu wina anandilembera kalekale, yondilamula kuchotsa piyano yakale muholo chifukwa inkachititsa sukulu manyazi. Piyanoyo inakathera kwa wophika, nkhuku zikuikiramo mazira.

"Bwana, werengani. Ife ankatitayitsa zinthuzi chifukwa n'zokalamba. Inu mwaitanira tauni yonse ukalamba womwewo, ndiye mukufuna kuuphimba ndi nsalu?"

Anayankha m'Chingerezi kuti n'zochititsa chidwi, n'kupita kukaona za mipando.

Chofunika chinali chikopa chofewa ndi chopyapyala. Nsapato za Mphatso zinali zapulasitiki. Mipando ya m'chipindamo, imene ndinaikanda ndi chikhadabo popanda wondiona, nayo inali yapulasitiki yodzitcha chikopa. M'nyumba ya zipinda zosawerengeka munalibe chikopa chenicheni kupatula chimene chinali m'khwapa mwangamo. Chotsekera chake chinali chitafewa ndi thukuta la dzanja langa la zaka zonsezi. Ndinatulutsa lezala.

"Amalume, chikwama chanucho!"

"Gwira apa, iwe. Guluu sadikira maliro."

Ndinadula kachidutswa kotalika ngati chala, n'kukapala mpaka katapyapyala, n'kukamata pakanyundo ndi kukamanga ndi ulusi. Poti maso anga ndi omwewa, mfundo anamanga ndi Mphatso. Tinadikira maola awiri kukhitchini, komwe wophika anatipatsa tiyi ndi chapati. Alendo ankawakonzera tinyama tobayidwa pa timitengo totokosera m'mano, kamodzi kamodzi ngati mankhwala.

Hafu pasiti 2 ndinamasula ulusi. Mphatso anadina kiyi ija. Inalira ngati anzake. Anadinanso kasanu, kenaka anapukuta m'maso ndi chigongono.

3 koloko itakwana a Matewere anaimirira, tsopano atavala suti.

"Chilichonse m'piyanoyi, ngakhale kachikopa kochepetsetsa, n'chochokera ku Ulaya. Dzanja la munthu silinakhudzemo."

Anthu anawomba m'manja. Ine ndinali pakhomo la kukhitchini, guluu akadali m'zikhadabo.

Mphatso atayamba, akumbuyo sankamva kanthu, moti anayamba kukhazikana chete okhaokha. Matambula anatsitsidwa. Bwana wina anazimitsa foni yake osauzidwa. Nyimbo yachiwiri inali yapang'onopang'ono, ndipo dzanja lamanzere linkabwerera pakiyi ndinakonza ija mobwerezabwereza ngati wopeka uja ankadana nane. Nthawi iliyonse ndinkatchera khutu, kudikira kugogoda. Sikunamveke.

Atatha, mayi wosankha oimba uja anauza Mphatso kuti akaonane Lolemba. Kenaka anavala magalasi, anasuzumira mkati mwa piyano nthawi yaitali, n'kubwera molunjika kwa ine.

"Mbuzi?" anandifunsa chapansipansi.

"Mbuzi, mayi."

"Yakuti?"

Ndinamuuza, ndipo ananditchulitsa zilembo za Lizulu chimodzichimodzi akulemba m'kabuku kake. Ameneyo ndi munthu wosunga mapepala, ndinamupatsa ulemu.

Pobwerera Mphatso anandiperekeza mpaka pasiteji, n'kundigulira chimanga chootcha chopaka tsabola ndi ndimu. Ndinafika ku Roysambu dzuwa likulowa, mvula ikuwaza, ndipo ndinachita kufungatira chikwama m'jekete popeza tsopano sichitsekeka bwino.

Chimene ndaphunzira n'chakuti chinthu chokalamba chimapatsidwa ulemu chikakhala ndi mwini wolemera woimirira pambali pake n'kunena bodza pang'ono. Piyano inalowera khomo lakutsogolo. Ine, wokalamba mnzake, ndinalowera la antchito. Pulogalamu ya konsati ndaisunga pamodzi ndi kalata ya mphunzitsi wamkulu uja. Papulogalamupo, pamene analemba kuti zonse n'za ku Ulaya, ndawonjezerapo ndi cholembera changa: kupatula kanyundo kamodzi kapakati, mbuzi ya ku Lizulu, yoikidwa ndi Kamwendo. Ndasainira.