Mdala Wowerenga Mawindo

Pano pa Kalingalinga ambiri timawotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu, koma mdala wa shedi yoyandikana ndi yanga amandiwawitsa mtima. Anamuchotsa ntchito ku fakitale pamene makampani ankagulitsidwa, ndipo anabwera kuno ndi tepi yopimira basi.

Ine munthu akafuna felemu ya chitseko, ndimasiya zonse n'kuyamba pomwepo. Iye ayi. Amadikira kuti ofuna saizi imodzi akwane asanu ndi mmodzi, kenako amadula zitsulo zonse Lolemba n'kuwotcherera Lachiwiri. Lachitatu ali pa benchi akumwa tiyi, ine ndikutuluka thukuta ndi kupimanso.

"Kupima ni kamodzi chabe," amatero, ngati wina wamufunsa.

Mwezi watha ndinati ndimuonetse. Ndinapanga mafelemu a mawindo makumi awiri nthawi imodzi, n'kuwaimika poti awaone bwino. Palibe anagula, ndipo mvula yawapaka dzimbiri.

Dzulo mdalayo anaima n'kugogoda felemu imodzi ndi chala.

"Ba Obed, aya mawindo ni ya nyumba ya ndani?"

"Ya aliyense wamene azabwera."

"Ine pa Sondo nikachoka ku chalichi nimazunguluka mu komboni, kupenda manyumba yamene bamanga, yamene yafika pa mawindo. Uno mwezi yali faivi, na yonse yafuna tung'ono."

Ndinayang'ana anga, aakulu ngati a sukulu. Iye anabwerera ku tiyi wake mosapupuluma. Benchi ija ndimadana nayo.