Makumba M'chimanga Changa

Damu la kwathu, kuseri kwa Ludzi uko, ndinamanga nawo ndi manja angawa. Abambo tinkakoka dothi pa wilibala, amayi n'kumasenza pamutu. Amene amati ine ndinkangolongolola ndili chiimire ndi ansanje basi. Pantchito pamafunikanso munthu wouza anzake pothira dothi.

Litadzaza, mudzi unapuma. Ng'ombe zinkamwa pomwepo, nazale za fodya tinkathirira madzi omwewo. Ine, poti nzeru ndinabadwa nazo, ndinatsegula dimba kunsi kwenikweni kwa khoma, pomwe chinyezi sichinkatha. Pofika Januwale, ena nkhokwe zili pululu, ine chimanga chacha, ana akuotcha dowe. Banja langa linkadutsa njala ndi dimba limenelo, kunalibenso kwina.

Tsono alangizi anatibweretsera tiana ta makumba, tinathira m'damumo, nsomba zija n'kukula. Kumbali kwa khoma omanga anasiya ngalande yoti madzi akachuluka azitulukira. Mvula itayamba, alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, anaona tinsomba tikutsetsereka m'ngalandemo, mtima n'kuwapweteka. Anaitanitsa msonkhano.

"Ndiwo zathu zikupita kumtsinje wa Bua," anatero alamuwo, "kukadyedwa ndi anthu oti sanagwireko ndi khasu lomwe. Titsekepo ndi matumba a mchenga."

Ndinadzambatuka. "Alamu, madzi mukawatsekera khomo adzatulukira pati? Kunsi kwa khomali kuli chimanga changatu!"

"Mwawamva? Akulirira dowe wawo. Khalani pansi alamu, makutu athu ndi omwewa, tilibe ena osinthira."

Inali nthawi ija matipate atangobwera, chilichonse n'kuvota, ngakhale tsiku lolambula msewu. Ofuna kutseka anakweza manja mudzi wonse. Okana ndinali ndekha. Ndinakweza manja onse awiri, iwo n'kuwerenga limodzi. Matumba anaikidwa.

Kenako kunabwera mvula ya mvumbi, yosakata. Tsiku lina masana ndinati ndikaone kudimba. Mayo ine! Madzi akunyambita pamwamba pa khoma, kuseri kwake dothi likuchita thukuta, matope akuyenderera kulowera kuchimanga changa. Mafoni kunalibe nthawi imeneyo, koma ine foni ndinkaifuniranji? Ndinakwera pachulu.

"Damu likupitaaa! Bwerani ndi makasuuu!"

Ena amati ndi kumishoni komwe anamva. Ine sinditsutsa. Anthu anakhamukira kudamu, alamu ali patsogolo, nsapato imodzi atataya m'njira.

"Alamu, tivote kaye?" ndinawafunsa.

"Iyaa, gwirani thumba apa, nkhalamba yaphokoso inu!"

Tinazula matumba aja. Madzi anatuluka ndi mkokomo, khoma linapulumuka. Koma poti anatuluka ochuluka nthawi imodzi, ngalande inawachepera, ena n'kusefukira m'dimba langa. Anangofika m'mapazi, chimanga chili chiimire bwinobwino. Ndinavula chipewa kuti ndithokoze Mulungu.

Ndisanafike pa ameni, mayi wina anakuwa: "Nsombaaa!"

Makumba ali phiriphiri m'mizere yanga! Abale, sindinaonepo mudzi ukugwirizana chotero. Amayi anavula zitenje zapamwamba n'kuzisandutsa maukonde. Abambo, ena akuluakulu a mpingo ndithu, ankadziponya chafufumimba pakati pa chimanga. Ndinakuwa, ndinakalipa, ndinatchula aliyense dzina lake ndi la amalume ake, koma mawu aja amene anawasonkhanitsa analephera kuwatulutsa. Pomwe ankachoka, chimanga chonse chinali chitagona m'matope ngati mwadutsa ng'ombe za mudzi wonse.

Alamu anatuluka pomalizira, malaya atawamanga ngati thumba, nsomba zikuphupha m'katimo.

"Alamu," anatero, "dimba lanuli chaka chino labereka bwino."

Ndinawayang'ana, kukamwa kuli gwa, koyamba chibadwire.

Mayi akunyumba ndinawafotokozera zonse. M'mawa mwake anangotenga dengu, ulendo kwa achimwene awo. Alamuwo, poti anali a fodya wambiri ndi feteleza wokwanira, nkhokwe yawo inali isanathe. Kuyambira pamenepo mpaka chimanga chakumunda chinacha, banja langa linkadya za alamu. Ine ndinkapita nawo ulendo uliwonse, n'kuima pafupi ndi nkhokwe, kuonetsetsa kuti dengu ladzaza mpaka m'milomo.