Tsiku Limene Ndinakwecha Mfumu ya Ndevu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinawononga chinthu chokhacho chimene amayi anabwera nacho ku Dublin kuchokera kwa bambo awo. Ndinachiwononga ndi manja anga awiriwa, uku ndikuimba.

Inali ndalama yasiliva, yaikulu kudzaza chikhatho changa, yokhala ndi mutu wa mfumu ya ndevu ya ku Mangalande. Inasulidwa pokumbukira zaka zimene mfumuyo inakhala pampando. Bambo awo a agogo, amene anali mesenjala wa kwa DC ku Dedza, anapatsidwa ndi bwana wawo, ndipo agogo anayenda nayo m'thumba moyo wawo wonse, n'kumaisisita ndi chala akamaganiza. Inali itada bii. Amayi ankaisunga m'kansalu pansi pa sutikesi, kunyumba kwathu ku Clondalkin.

Chaka chimenecho agogo anadwala kwambiri. Amayi ankakolopa ku eyapoti, ndipo tsiku ndi tsiku ankaona ndege zikunyamuka iwo ali ndi mopu m'manja. Anaonjezera mashifiti, koma ndalama ya tikiti yopitira kumudzi inaperewerabe. Tsiku lina anti Bwalya, mnzawo wa kuntchito wa ku Zambia, anaona ndalamayo n'kuomba m'manja.

"Amake Tadala, mukugonera chuma inu! Azungu amalimbirana zoterezi."

Anapeza sitolo ya zinthu zamakedzana m'tauni, n'kugwirizana zoti tipite Loweruka.

Lachisanu nditaweruka kusukulu, amayi ali kuntchito, ndinamasula kansalu kaja. Kudako kunandichititsa manyazi. Kwathu poto sankabwerera pashelefu asanawale. Amayi ankandikwechetsa mpaka ndidzione nkhope, ati mlendo amayamba kuona poto asanaone mwini nyumba. Nanga mzungu wa sitolo akati chiyani za ife? Ndinatenga sitiliwulo ndi sopo, n'kuima pasinki. Madzi akuda anatsika m'zala zanga, fungo lachitsulo lili guu. Ndinakwecha ndevu, ndinakwecha khutu, mpaka mfumu inati mbee.

Amayi atabwera sanakalipe ayi. Anaikweza pawindo n'kumwetulira koyamba sabata imeneyo.

"Koma mwana iwe uli ndi manja. Tikanakachita manyazi."

M'sitolomo munkanunkha mapepala akale. Munali makapu ndi mbale za nkhope za mafumu, zina zoduka zogwirira. Mwini wake, bambo wachikulire wofatsa, anaika kagalasi padiso n'kuwerama. Kenako anafunsa kuti watsuka ndani.

Ine, wopusa ine, ndinakweza mkono ngati m'kalasi.

Bamboyo anafotokoza pang'onopang'ono, mwachisoni. Anati ogula ndalama zakale amafuna kuda komweko, chifukwa ndiko kumachitira umboni zaka zake. Anandipatsa kagalasi kaja, ndipo ndinaona mizere yambirimbiri ya sitiliwulo itadula nkhope ya mfumu uku ndi uku. Ikanabwera mmene inalili dzulo lake, mtengo wake ukanakwaniritsa tikiti. Tsopano akanangolipira kulemera kwa siliva.

"Palibe njira yoti ide kachiwiri?" anafunsa amayi.

Bamboyo anapukusa mutu.

Tinakwera basi kubwerera kunyumba, ndalamayo osaigulitsa. Ndinkalakalaka amayi atandimenya, atandilalatira, chilichonse. Koma akanandimenya bwanji, popeza anandiphunzitsa ndi iwo, anandiyamikanso ndi iwo? Ndinaba ndalamayo n'kuikwirira m'dothi la maluwa pawindo, n'kumaithirira tiyi. Tsiku lililonse ndinkafukula kuona ngati yada. Inkangotuluka ndi matope, mizere ili pomwepo. Madzi akatayika sawoleka.

Patapita milungu itatu agogo anamwalira. Amayi anaonera maliro pafoni, atakhala pansi pa kapeti, netiweki ikudukaduka. Pamene bokosi linkatsikira m'manda chithunzi chinaima, ndipo chitayambanso kuyenda anthu anali akukwirira kale.

Madzulo ake ndinawabweretsera ndalama ija, ndikulira.

"Amayi, pepani. Ndakulepheretsani kupita."

Kawirikawiri ndinkawayankha m'Chingerezi, koma tsiku limenelo Chichewa chinatuluka chokha. Anaitenga, anaitembenuza, anaisisita ndi chala monga ankachitira agogo. Kenako anainunkhiza.

"Za tikiti zisiye, Tadala. Mwina sindikanawapeza amoyo. Koma kuda kuja linali thukuta la bambo anga. Ndikawasowa ndinkanunkhiza apa. Pano pakununkha sopo."

Sanabwerezenso nkhaniyi mpaka lero.

Panopa ndine wamkulu, ndimasamalira okalamba ku Lucan. M'zipinda zawo ndimapeza makapu a ukwati wachifumu ong'aluka, mendulo zakuda, mipando yonyeka m'mikono. Manja anga amayabwa kuti ndikweche, chifukwa ndi mmene anandilerera. Koma ndimawapinda kumbuyo n'kufunsa kaye kuti, "Ichi ankagwira ndani?" Ndinaphunzira mochedwa kuti si kuda konse kuli litsiro, ndi kuti munthu angawononge chinthu ndi chikondi chokhachokha.

Ndalama ija ili kwa ine. Patha zaka zambiri ndikuyenda nayo m'thumba, ndipo yayambanso kuda pang'ono m'ndevu. Mwezi watha ndinawapatsa amayi kuti aone. Anainunkhiza, n'kundibwezera.

"Ili ndi thukuta lako, mwana wanga," anatero. "Sunga."