Azana ya Alfajiri ndi Kapiritsi Koyera

Chizindikiro choyamba chinali jekete. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mchenga wa ku Bua ukuotcha mapazi, koma ine ndinkakhala pansi pa mango nditavala jekete, ndikumvabe kuzizira mpaka m'mafupa. Anzanga osoka nawo maukonde ankandiseka. "A Rajabu, kodi ulendo wa ku Joni ndi lero?" Ndinkaseka nawo, osadziwa kuti matenda andilowa kale.

Ndimakhala pafupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja. Ndimasoka maukonde, ndimalimanso mpunga pang'ono, koma anthu amandidziwa ndi ntchito ina. Ndine muazini wa pamzikiti wathu, munthu woitana anthu ku swala, mapemphero athu. Malemu bambo anga anaigwira ntchitoyi kusanabwere chimkuzamawu, ataimirira pachulu kuseri kwa mzikiti, ndipo atamwalira inatsalira ine. Ndisaname, mawu anga ndinkawanyadira. Asodzi ankati akamva azana yanga ya alfajiri, kuitana kwa m'bandakucha, ali pakati pa nyanja, ankadziwa kuti nthawi yobwerera kumtunda yakwana. Ngakhale a NyaBanda, mayi wachikhristu wochokera kumpoto amene timayandikana nyumba, ankadzukira mawu anga omwewo kukoleza moto wa mandasi awo, chonsecho tsiku lililonse ankandidandaulira kuti ndimawasokosera.

Mvula yoyamba itagwa, mawu anayamba kusasa. Ndinayesa chimfine. Akazi anga, amake Zainabu, ankandiphikira madzi a jinja ndi ndimu, kuthiramo uchi, koma sizinathandize. Kenaka kunabwera tulo. Osati tulo ta munthu wotopa ndi ntchito ayi, koma tulo tolemera tondigwira masanasana ukonde uli pamwendo. M'mimba munauma. Khungu linatuwa ngati ndadzola phulusa. Nkhope inatupa, nsidze zinayamba kuthothoka, ndipo thupi linkanka likunenepa pamene chakudya ndinkangochitola pang'ono. Anthu ankati, "Koma ndiye akukudyetsani bwino!"

Tsiku lina ndinadzidzimuka akazi anga akundigwedeza. "Abambo ake Zainabu, kunja kwayera!" Ndinathamangira kumzikiti, ngati kumeneko kunali kuthamanga, ndipo ndinapeza anthu akuvala nsapato, swala yatha. Palibe amene anandidzudzula. Zikanakhala bwino akanandikalipira.

Chimene chinandithyola mtima chinachitika Lachisanu lina. Ndinaima pa chimkuzamawu, ndinayamba azana ndi mawu anga osasawo, ndipo ndili pakati mutu unangoti mbee. Mawu amene ndinawaphunzira ndisanadziwe kumanga lamba, mawu amene ndinawanena moyo wanga wonse, anandithawa. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Mudzi wonse unamva chete ameneyo, mpaka kudoko. A Twaibu, telala wa pamsika, anaimirira mwakachetechete, anandigwira paphewa n'kumaliza azanayo. Kuyambira tsiku limenelo akuluakulu a mzikiti anawapempha kuti azigwirizira mpaka ine nditachira.

Kuchipatala chathu chaching'ono ndinapitako kangapo. Anandiyeza malungo, analibe. Shuga, analibe. Anandiyeza magazi a kachilombo, anatenganso makhololo kuopa chifuwa chachikulu, osapeza kanthu. "Zonse zili bwino, bambo." Mawu amenewa ndinafika podana nawo. Zili bwino bwanji munthu ndikulephera kunyamula khasu? Ena pamudzi anayamba kunong'ona za majini, ena za anthu ansanje. A Shehe athu anabwera kudzandiwerengera duwa, pemphero lopempha machiritso, ndipo potsanzika anandiuza kuti duwa siletsa chipatala, ndipite pa boma.

Tinapita ndi amake Zainabu mpunga utayamba kubereka. Tinapeza mzere wafika kale panja. Ndinakhala pabenchi ndi jekete langa, ena akudzipepesa mphepo ndi mabuku a chipatala, ndipo ndinagona kawiri konse ndisanaitanidwe. Adokotala anandigwira pamkono nthawi yaitali akuyang'ana wotchi. Anandipapasa pakhosi n'kundiuza kuti ndimeze malovu. Anafunsa za kuzizidwa, za kuchimbudzi, za kuiwala, zinthu zimene palibe anali atandifunsapo pamodzi.

"Mtima wanu ukugunda pang'onopang'ono kwambiri," anatero. "Ndikukayikira chithokomiro. Mukayezetse magazi ake kuchipatala chachikulu mumzinda."

Ulendo umenewo sindiukumbuka bwino, ndinaugona. Chimene ndikukumbuka ndi kudikira. Kudikira kutenga magazi, kubwerera kumudzi, kudikira masabata, mpunga ukupsa m'munda mbalame zikudya, ine ndili gone pamkeka ndikumva a Twaibu akuitana anthu kasanu patsiku. Munthuyo analibe mlandu, koma nthawi iliyonse akayamba ndinkatembenukira kukhoma. Ndinkadzifunsa kuti kodi ndikawauza chiyani bambo anga, ine amene ndataya ntchito yawo ndili moyo.

Zotsatira zitatuluka, adokotala a mumzinda anandifotokozera mofatsa. Anati pakhosi pali kachiwalo kotchedwa chithokomiro, kamene kamatulutsa timadzi toyendetsa thupi lonse. Kanga kanafooka, ndiye chilichonse m'thupi chinkayenda mochedwa: mtima, m'mimba, mutu, mpaka mawu. Anandipatsa mankhwala otchedwa thayirokisini, timapiritsi toyera tochepa ngati njere ya mpunga, tolowa m'malo mwa timadzi tosowato.

"Kamodzi patsiku, m'mawa musanadye kanthu, ndi madzi okha. Awa si a malungo oti mumaliza dozi. Ndi a moyo wanu wonse."

Ndinakayang'ana kapiritsiko ndi mkwiyo. Kanthu kochepa chonchi, kachize zonsezi? Komabe ndinamwa. Sabata yoyamba sindinamve kusintha. Patapita mwezi ndinazindikira kuti ndamaliza kusoka ukonde osasinza. Nkhope inaphwa. Tsiku lina ndinaiwala jekete pamsomali ndipo sindinalifune mpaka madzulo. Mawu ndiwo anachedwa, koma nawonso anayamba kuyera. Ndinkakawayesa kumunda kopanda anthu, kuopa manyazi. Kutatsala pang'ono kuti mwezi wa Ramadhani uoneke, a Shehe anandimvetsera n'kunena kuti ndibwerere pamalo panga. Tsiku limenelo amake Zainabu anapha nkhuku.

Ndinayesa kuti zatha. Kalanga ine, zinali zisanathe.

Ramadhani ya chaka chimenecho inagwa m'nyengo yozizira. Munthu wosala sameza kanthu kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndiye kapiritsi kanga ndinakasamutsira pa daku, chakudya chimene timadya kusanache. Ndinkadya phala la soya lothira nsinjiro, kumwa tiyi wamkaka, kenaka n'kumeza kapiritsiko pomalizira penipeni, kuti kakhale pafupi ndi m'mawa monga ananenera adokotala. Chifukwa zamafuta zomasulira kusala madzulo zinkandiotcha pamtima, ndinkatafunanso mapiritsi aja oyera ngati choko ogula pagolosale. M'maganizo mwanga ndinali munthu womvera malangizo. Sindinaphonye ngakhale tsiku limodzi.

Mwezi utapitirira pakati, kuzizira kuja kunabwerera. Ndinadzinamiza kuti ndi mwera. Tulo tinabwereranso, ndinati ndi swaumu, kusala kudya. Koma m'mawa wina ndikukweza mawu pa azana, anathyokera pakhosi ngati tambala wophunzira kulira. Ndinamaliza mokakamiza, thukuta lili kamukamu. Mawa lake zinachitikanso.

A Shehe anabwera kunyumba masana. Anakhala pampando nthawi yaitali akufunsa za mpunga, za ana, asanafike pa nkhani. Anati akuluakulu akambirana. Anthu sangamakhale osadziwa kuti lero aitana ndani, makamaka m'mwezi ngati uno. Ngati pofika Idi mawu sanakhazikike, ntchitoyi aipereka kwa a Twaibu mpaka kalekale, ine ndipume. Anayankhula mwaulemu kwambiri, ndipo ulemuwo ndi umene unandipweteka.

Atachoka ndinapita kumunda n'kukhala pamzere wa ziputu za mpunga. Ndinalira ngati mwana, bambo wamkulu wa ndevu zaimvi. Ulendo woyamba ndinali ndi chiyembekezo choti matenda akadziwika, mankhwala apezeka. Tsopano matenda anadziwika, mankhwala ndinali kumwa, ndipo ndinali kumirabe. Kunatsala chiyani? Ndinafika poganiza kuti Mulungu wandilanda mawu chifukwa ndinkawanyadira. Ndinapempha kuti ngati ndi choncho, angonditenga ndi mawu omwewo, kusiyana n'kukhala ndikumva wina akuitana pachulu cha bambo anga. Sindikunyadira pemphero limenelo, koma ndinalipempha.

Kunyumba ndinauza akazi anga kuti kuchipatala sindipitanso, mankhwala alephera. Amake Zainabu si munthu wolongolola, koma tsiku limenelo anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Inu ndinu dokotala tsopano? Mawa tikupita. Mukakana ndikakuitanirani achimwene anu akunyamuleni panjinga ngati thumba la chinangwa."

Tinapita pa boma tili pa swaumu. Mzere womwe uja, benchi yomwe ija, jekete lomwe lija. Amene anatilandira anali anamwino achikulire ovala mpango kumutu. Ndinawauza mokwiya kuti mankhwala awo asiya kugwira ntchito pamene ine sindinadumphitse tsiku. Sanatsutse. Anangofunsa kuti ndimamwa nthawi yanji, ndipo ndimamwera chiyani. Nditafotokoza za daku, za phala la soya, tiyi wamkaka ndi mapiritsi a pamtima, anaika cholembera pansi.

"Bambo, nanenso ndili pa swaumu, ndikumvetsa. Koma kapiritsi aka n'kansanje, kamafuna kupeza m'mimba mopanda kanthu. Soya, mkaka ndi mapiritsi achoko aja zimakagwira kasanalowe m'magazi. Mwakhala mukumeza, koma thupi lakhala likulandira pang'ono."

Anati ndizidzuka msanga, kumeza kapiritsi ndi madzi okha, kudikira pafupifupi ola, kenaka n'kudya daku. Mapiritsi a pamtima ndiwatalikitse maola angapo. Adokotala anavomereza zomwezo, n'kulamula kuti ndidzayezetsenso magazi kuti aone ngati mlingo wa mankhwala ukufunika kukweza. Ndinafunsa funso limodzi lokha, ngati mawu abwerere pofika Idi. Anamwinowo sanandinamize. Anati thupi limatenga masabata, Idi yayandikira kwambiri.

Ndipo zinaterodi. Tsiku la Idi anaitana ndi a Twaibu. Ine ndinakhala pamzere wakumbuyo nditavala mkanjo watsopano pamwamba pa jekete, ndikuyang'ana pansi. Anthu ankapatsana manja mosangalala. Titatuluka ndinapita kwa a Shehe n'kuwafotokozera zonse za kuchipatala. Ndinati sindikupempha kuti asinthe chigamulo, ndikungofuna adziwe kuti si ulesi, si majini. A Twaibu anali pomwepo akumva. Anakanda m'mutu n'kunena kuti iwo za masana ndi madzulo azitha, poti shopu yawo ili pafupi, koma kudzuka m'bandakucha kukuwapha, makasitomala akudandaula kuti akuwasokera zigamba mokhota. Anati alfajiri andisungira mpaka nditakonzeka. Kaya ananena zoona kaya anangondimvera chisoni, sindinawafunse mpaka lero.

Magazi atayezedwanso, mlingo anaukwezadi pang'ono. Mphepo ya mwera isanathe, mawu anayera. Azana zisanu zija sizinabwerere zonse, ndipo sindinama kuti sizindiwawa. Ndinatsala ndi imodzi, ya alfajiri, imene bambo anga ankaikonda kuposa zonse.

Lero ndili bwino. Ndimalima, ndimasoka maukonde, jekete ndimavala mu Juni ngati wina aliyense. Kapiritsi kamakhala pafupi ndi kapu yamadzi, ndipo ndimameza ndisanapite kumzikiti, tiyi ndimadzamwa pobwera. Ndimapita kukayezetsa magazi nthawi imene andiuza, ndipo mankhwala ndimakatenga akale asanathe. Ramadhani ikamayandikira ndimayamba ndakafunsa kuchipatala.

Kwa inu amene mukuzizidwa anzanu akutuluka thukuta, amene mukugona masana popanda chifukwa, mawu asasa osachira, thupi likutupa, mutu ukuiwala, musadikire mpaka zikuchititseni manyazi pagulu ngati ine. Pitani msanga, ndipo akakuuzani kuti malungo mulibe, musabwerere n'kukhala pansi. Nenani zizindikiro zonse pamodzi, funsani za chithokomiro. Mukapatsidwa mankhwala musasiye poti mwapeza bwino, ndipo kusala kudya kukafika, kaya kwa Ramadhani kaya kwa kutchalitchi, kafunseni kamwedwe kake. Ine ndinangoganiza ndekha, ndipo ndinataya azana zinayi.

M'mawa umene ndinabwerera pa chimkuzamawu, ndinafika pamzikiti kudakali mdima. Ndinatseka maso, ndinayamba, ndipo mawu anatuluka onse mpaka kumapeto osathyoka. Pobwerera kunyumba ndinapeza a NyaBanda ali pamoto, mafuta akuwira m'chiwaya. Sanandipatse n'moni womwe.

"Mwayambiranso kutisokosera eti? Miyezi yonseyi mandasi anga akhala akuchedwa chifukwa cha inu. Telala uja amaitana ngati akupepesa."

Anatola mandasi awiri otentha, anawakulunga m'pepala n'kundipatsira m'manja, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anati ndi utsi.