Mankhwala a Melina

A Fackson Alufandika anaidziwira pansi kiriketi, padothi penipeni. Anabadwira pafamu ya fodya kufupi ndi Marondera ku Zimbabwe pa 3 Meyi 1951, bambo awo atabwera wapansi kuchokera ku Dedza. Atangosinkhuka anawapatsa ntchito yosamalira bwalo la kalabu ya eni mafamu: kuthirira, kutchetcha udzu, ndi kukoka chigudumu chachitsulo chosalazira pomwe mpira umadunda. Loweruka eni bwalo ankabwera atavala zoyera, iwo n'kukhala patsinde pa bulugamu kumaonerera. Chomenyera mpira sanachigwirepo, koma masewerawo anawalowa m'magazi.

Famuyo italandidwa mu Ogasiti 2002, anakwera lole limodzi ndi mlongo wawo Melina ndi mwana wake Lawson, n'kukapeza chipinda ku Budiriro, dera la mumzinda waukulu. Mkazi wawo anali atamwalira kale, ndipo mwana sanawasiyire. Bambo ake a Lawson anapita kumigodi mwanayo akukwawa, osamvekanso. Ndiye a Fackson ndiwo anali mwini mbumba, ngakhale mbumbayo inali ya anthu awiri basi.

Melina ankagulitsa tomato ndi repu. A Fackson ankasoka nsapato pakhonde la a Henrique, mkulu wometa tsitsi yemwenso ankatsogolera sosaite ya maliro ya anthu akumudzi. Madzulo ankaimika njerwa pamsewu wafumbi n'kumaphunzitsa Lawson kupotokola mpira ndi zala, kuti ukadunda ukhote ngati wasintha maganizo. Poyamba ankaponya mandimu osapsa. Kenako aphunzitsi a kusukulu anamuona, n'kumutengera kukalabu ku Highfield. Mu Novembala 2008, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, Lawson anasankhidwa kukasewera mpikisano wa achinyamata a mayiko angapo ku South Africa.

"Masewera anji oti munthu azivala zoyera m'dziko lopanda sopo?" anatero Melina.

Komabe anazichapa zoyerazo mpaka zinawala. M'mipopi munali mutauma kalekale, ndiye madzi ankatunga pachitsime chomwe anthu anakumba kuseri kwa mashopu.

Basi ya anyamata inanyamuka Lachisanu pa 5 Disembala. Melina anamupatsira mwanayo mtedza wokazinga pawindo.

"Ukadye kumeneko, mwanawe. Ukaona nyama usakachite manyazi."

"Mhamha, anthu akumva."

"Amve. Nawonso ndi oonda."

Mpikisanowo sunkaonetsedwa pa TV, ndipo ngakhale ukanaonetsedwa, magetsi ankabwera anthu atagona. Koma Budiriro inapeza njira yake. Pafupi ndi khonde la a Henrique panali tebulo la mayi Emelda, mbadwa ya dziko lomwelo, ogulitsa makadi a foni. Mchimwene wawo anali kalaliki padepoti ina ku Workington, komwe kunali jenereta ndi kompyuta. Iye ankaona zotsatira n'kutumiza pafoni ya mayi Emelda, a Henrique n'kuzilemba ndi choko pachitseko cha shopu. Anthu omwe analibe kopita, ndipo chaka chimenecho anali ambiri, ankaima pamenepo tsiku lonse kuyang'ana chitseko.

Ambiri masewerawo sankawadziwa n'komwe.

"Wamwetsa zingati mwana wathu?" anafunsa mayi wina wogulitsa mazira.

"Kulibe zigoli, mayi," anayankha a Fackson. "Iye amaponya, agwetse timitengo tili kumbuyo kwa womenya."

"Wapitira mitengo ku Joni? Akanangotsala konkuno, nkhuni zikusowa."

Pofika Lolemba, anthu omwewo anali akukangana za anyamata omwe sanawaonepo nkhope. Panali wina wa ku Kenya womenya ndi dzanja lamanzere, yemwe anamupatsa dzina loti Chigayo chifukwa ankapera aliyense womuponyera. Panali wa ku Namibia yemwe a Henrique ankalumbira kuti ndi bambo wa ana atatu, anangometa ndevu. Masewero oyamba Lawson sanasewere, anangonyamula madzi. Lachiwiri pa 9 Disembala anamulowetsa, n'kugwetsa mmodzi. Melina anatula beseni la tomato n'kuvina pamaso pa chitseko, fumbi koboo.

Tsiku lomwelo dzuwa likulowa, anayamba kutsegula m'mimba. Kolera inali itazinga kale Budiriro yense, ndipo panalibe wofunsa kuti ndi chiyani. Kutacha a Fackson anamukweza pawilibala n'kumukankha mpaka kumatenti a kukiliniki. Odwala anali mbwee, ena pamabedi obowola pakati, ena pansi. Anamwino ankayesetsa, koma manja anali ochepa ndipo madiripi ankatha. Melina anamwalira Lachitatu pa 10 Disembala, masana.

Anamuika Lachinayi m'mawa kumanda a ku Mbudzi. Sanamusambitse, sanamugoneke m'nyumba, ndipo nkhope yake panalibe anaiona, chifukwa mtembo unatuluka kukiliniki utakulungidwa kale m'pulasitiki. Kugwirana chanza kunali koletsedwa. Amayi a mpingo anaimba ndime imodzi yokha ataima patali.

Pobwerera, ali kumbuyo kwa lole, a Henrique anafunsa.

"Nanga mwana?"

"Abwera Lachiwiri," anatero a Fackson. "Tikamuuza akafika."

A Henrique anagwedeza mutu kuvomera. Onse awiri anakula akudziwa kuti uthenga wa maliro suponyedwa kwa munthu ali kutali. Mwini mbumba amapita yekha, kapena amadikira. Amamukhazika pansi munthuyo pakati pa abale, wina atamugwira phewa, ndipo amayambira patali. Mayi awo a Fackson atamwalirira kuchipatala mu 1974, malume awo anayenda ulendo wa tsiku lonse kudzanena pakamwa, chikhalirecho kuofesi ya pafamu kunali lamya. Mwambo wonse wa maliro a Melina unali utaphwanyika. Kamodzi kokhaka n'komwe kanatsala m'manja mwawo, ndipo a Fackson anakagwiritsa.

Atafika pashopu anapeza gulu laima pachitseko. Mnyamata wometa mothandiza a Henrique anali atalemba kale: Lawson wagwetsa anayi, Chigayo ali momwemo. Anthu sanadziwe ngati aombe m'manja kapena avule zipewa. A Fackson anayang'ana chitsekocho nthawi yaitali, dothi la kumanda likadali kumapazi.

Foni ya mayi Emelda inalira. Anayang'ana nambala, n'kuwapatsira a Fackson ndi manja awiri.

"Sekuru, mwamva?" Anali Lawson, kuitana malume ake monga mwa nthawi zonse, wabwereka foni ya mphunzitsi wa timu. Mawu ake ankadumpha. "Uja wamanzere uja. Ndinamuponyera ija munkati ya ndimu yowola. Sanaione n'komwe."

"Tamva, mphwanga. Talemba pachitseko."

"Mhamha ali pompo? Apatseni."

Anthu onse anawerama. A Henrique anapukusa mutu pang'ono.

"Sali pano," anatero a Fackson. "Akudwala. Ali kukiliniki."

Lawson anatsitsa mawu.

"Ndi ija ya madzi?"

"Ndi yomweyo."

"Mankhwala akuwapatsa?"

"Ukudziwa wekha mmene kulili kuno. Iwe sewera, umalize, ubwere. Tikudikira Lachiwiri."

Atabweza foni, mayi Emelda sanabise mawu.

"Si khanda uyu, baba. Mukanamuuza."

"Inu a Emelda," anatero a Henrique, "maliro si mwala woti mum'gende nawo mwana ali yekha pakati pa alendo. Akakomoka kumeneko amudzutsa ndani?"

"Kwathu timanena."

"Kwanu."

Masewero otsala a Fackson sanawatsatire. Ankangomva anthu akung'ung'udza kuti timu yagonja, ndipo kuti Lawson waponya mopanda mutu. Iwo ankakonzekera Lachiwiri. Anasesa chipinda, anabwereka mipando iwiri, anapempha amayi awiri a mpingo kuti adzakhalepo. Anakonza kuti mwanayo adzayambe wadya, kenako adzamuuze, m'mawa mwake adzamuperekeze ku Mbudzi.

Pa 16 Disembala anavala jekete n'kupita m'tauni ndi a Henrique. Basi inafika masana. Anyamata anatsika mmodzimmodzi, aliyense atanyamula thumba la ufa kapena botolo la mafuta ophikira, makolo n'kumawalandira. Pomaliza anatsika mphunzitsi wa timu, atanyamula chikwama cha Lawson.

"Ndinu a kwa Alufandika? Pepani, bambo. Dzulo m'mawa tinapeza bedi lake lili lokha. Tinamufuna mpaka dalaivala anakana kudikiranso."

Mnyamata wina dzina lake Munya, yemwe ankagona naye chipinda chimodzi, anayandikira akuyang'ana pansi.

"Anandiuza, sekuru. Anati mhamha ake ali kukiliniki kopanda mankhwala, pomwe uko ali m'shopu iliyonse. Anati agwira ntchito mwezi umodzi, agule, abwere. Anati musadandaule."

"Anati akakhala kuti?"

"Sananene. Mwina sankadziwa."

A Fackson anakhala pansi pomwepo, m'mphepete mwa msewu, chikwama chili pamiyendo. M'kati munali zoyera zija, zopindidwa bwino.

Khirisimasi inadutsa. Anafunsa kukalabu, anafunsa kumpingo, anafunsa aliyense wochokera ku Joni. Aliyense ankayankha zofanana, kuti Joni ndi yaikulu ndipo ana a ku Zimbabwe ali m'msewu uliwonse. Pasipoti a Fackson analibe, ndipo ngakhale akanakhala nayo, akanayambira khomo liti?

Lachisanu pa 9 Januwale 2009, galimoto ya onyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni inaima pashopu. Dalaivala anatsitsa kabokosi kolembedwa dzina la Melina. Munali timapaketi ta mchere ndi shuga wa odwala m'mimba, mapiritsi, mankhwala othira m'madzi, sopo, ndi chitenje chobiriwira.

"Wakupatsani ali kuti?" anafunsa a Fackson atamugwira dalaivalayo mkono.

"Mudhara, ine ndimangolandira pasiteshoni. Anthu ndi mazanamazana. Kamnyamata kenakake kakatali, kapena anali mkazi, sindikumbuka."

"Mukakamuona mukamuuze kuti abwere."

"Ndikamudziwa bwanji?"

Timapaketi tija a Fackson anagawira anansi, ndipo ena anachira nato. Chitenje anachiika m'chikwama, pamwamba pa zoyera. Kuyambira tsiku limenelo anatsimikiza mtima kuti mwambo ukhale pambali, akadzangoimba adzamuuza. Ankayeserera mawuwo akusoka nsapato, milomo ikugwedera. Lawson, mayi ako anatisiya pa 10 Disembala, bwera. Mayi Emelda ankawamva.

Foni inalira Loweruka pa 21 Febuluwale, m'mawa. Mayi Emelda anathamanga nayo opanda nsapato.

"Sekuru, ndine. Ndilankhula msanga, ndi foni ya pamsewu." Kumbuyo kunkamveka magalimoto. "Katundu anafika? Ndikutsuka magalimoto, ndili bwino. Mhamha atuluka? Auzeni asatunge pachitsime paja. Chitenje achikonda?"

"Lawson."

"Sekuru?"

Mawu aja anali okonzeka pakamwa. Koma a Fackson anamva hutala ya galimoto ikulira pafupi ndi mwanayo, ndipo anamuona m'maganizo ataima pamphambano, magalimoto akudutsa uku ndi uku, popanda womugwira phewa.

"Uli ndi ndani pamenepo?"

"Ndili ndekha. Bwanji?"

"Pali poti ungakhale pansi?"

"Nenani, baba," ananong'ona mayi Emelda. "Nenani."

"Palibe pokhala, sekuru, ndi pamsewu. Ndalama ikutha. Mhamha ali..."

Foni inaduka. Mayi Emelda anaimbanso nambalayo nthawi yomweyo. Inalira, inalira, mpaka anayankha mayi wina m'chilankhulo chomwe panalibe anachimva, n'kudula. Anayesanso masana, anayesanso mawa lake. Palibe anayankha.

Bokosi lachiwiri linafika sabata ya Pasaka. Munali mapiritsi ena, ndi nsapato zachikazi zakuda, saizi yake ya Melina ndendende. Dalaivala anali wina, ndipo nayenso sankadziwa kanthu.

Kolera inatha, mashopu anadzazanso, anthu anasiya kuima pachitseko cha a Henrique. Mvula inafufuta choko, koma dzuwa likapendeka dzina la Lawson linkaonekabe pang'ono pathabwa. A Henrique anafuna kupaka penti, a Fackson anawapempha kuti adikire. Awiriwa sanakanganepo za tsiku lija anamubisira mwana maliro, ndipo sanalitchulenso.

A Fackson anasamutsa benchi lawo la nsapato kuchoka pakhonde, n'kuliika pambali pa tebulo la mayi Emelda, padzuwa, pomwe mkono ungafike foni osaimirira. M'mawa uliwonse asanatulutse singano amafunsa ngati batire ili ndi moto. Mayi Emelda amawaonetsa, iwo n'kuyamba kusoka.